Chidziwitso: Fyuzi Ikamapsa Pafupipafupi pa Pikapu Yakale

Alimi ndi amalonda a kwa Mwadzama ku Nkhotakota, amene amanyamula mpunga ndi nsomba pa mapikapu akale mumsewu wa M5, akudziwitsidwa kuti fyuzi siimangopsa popanda chifukwa. Kawirikawiri waya amakhala atasupuka n'kukhudza chitsulo, makamaka kunsi kwa bodi, kumene madzi a nsomba amadonthera pa mawaya a nyali zakumbuyo.

Kuikapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kungayatse galimoto pamodzi ndi katundu. Fyuzi yatsopano ikhale ya nambala yofanana ndi yopsayo: mwa zapulasitiki, yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A. Ikapsanso, galimoto izimitsidwe, waya wa (-) achotsedwe pa batire, ndipo makaniko wa zamagetsi alondole wayayo mpaka apeze posupukapo.