Makina Akamalumpha Posoka Cikumba

Lero tikamba ndi inu amisiri amene musoka nsapato, malamba ndi zikwama zacikumba pa makina. Vuto limene lisautsa ambiri pa nchito iyi ndi lakuti makina alumpha. Asoka bwino pang'ono, kenaka asiya ulusi utangogona pamwamba pa mabowo awiri kapena atatu osamanga mfundo, nayambanso kusoka monga palibe cimene cacitika. Pa nsalu vutoli n'laling'ono, pakuti mungomasula ndi kubwereza. Cikumba siciteronso ai. Bowo limene singano yaboola silitsekeka, ndipo mukabwereza kawiri kapena katatu pa mzere umodzi, mabowo ayandikana kotero kuti cikumba cing'ambika ngati sitampa ya ku positi. Lamba la mwini wake lathera pomwepo, ndipo wolipira ndinu.

Tiyambe taona cimene cicitika pansi, kumene maso safika. Singano itsika ndi ulusi wapamwamba kufikira polekezera. Ikayamba kubwerera, itakwera ngati mamilimita 2, cikumba cigwira ulusi uja kuti usakwere nayo. Pamenepo ulusi ukhwefuka pambali pa diso la singano, nupanga kakhwekhwe konga kaja amachera ana pogwira mbalame. Nthawi yomweyo nsonga ya shatulo idutsa pafupi ndi singano, ikola kakhwekhweko, niikazunguliza pa ulusi wa m'bobini. Mfundo yamangika. Tsono kulumpha kulikonse tanthauzo lake ndi limodzi: shatulo inafika, koma siinakole kakhwekhwe. Mukasunga zimenezi, simudzamasula zitsulo mwacisawawa.

Coyamba kucikayikira ndi singano, pakuti ndiyo yochipa pa zonse ndiponso ndiyo ilakwa kawiri-kawiri. Singano ya nsalu ili ndi nsonga yobulungira, yopita pakati pa ulusi wa nsaluyo. Cikumba cilibe mipata yotero, cifukwa cace cifuna singano yakeyake ya nsonga yonga kampeni, imene iceka njira polowa. Singano ya nsalu ikakanikizidwa pa cikumba colimba ipindika pang'ono, nitalikirana ndi shatulo. Icotseni, muigubuduze pa galasi. Ngati nsonga igwedezeka, itayeni osaimvera cisoni.

Mtundu wa singano nawonso uyang'aneni. Makina a m'nyumba alandira singano ya 15x1, imene mutu wake uli wophwathalala mbali imodzi, ndipo pa cikumba cofewa nambala 16 kapena 18 ikwanira. Makina a Singer 29K, aja a mkono wautali okondedwa ndi osoka nsapato, amene anali kupangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland, afuna 29x4 pa cikumba. Makina ambiri a phazi loyenda afuna 135x16. Singano za mitundu imeneyi sizilingana zonse kutalika, ndipo yolakwika siifikitsa diso lake pamalo pokumana ndi shatulo.

Singano za makina aakuluwa mutu wake ndi wobulungira, cotero zilowa mbali iriyonse, ngakhale yolakwika. Papasani ndi cikhadabo. Mbali imodzi ili ndi kangalande kakatali: imeneyo iyang'ane kumene ulusi ulowera. Mbali inayo, imene pa singano zambiri ili yokumbika pang'ono pamwamba pa diso, iyang'ane ku shatulo. Ikankheni m'mwamba kufikira igunde, ndipo pamenepo mangani. Kangalande kaja ndimo mubisala ulusi singano ikamalowa, ndiye cifukwa cace ulusi wonenepa pa singano yaing'ono upanikizika, nulephera kupanga kakhwekhwe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Lowetsani ulusi pa singano musanaimange, muukunge mopendeka ndi manja awiri. Singano ikatsetsereka yokha, ziwirizo zigwirizana.

Singano ikakhala bwino, yang'anani cikumba ceniceni, ndipo apa ndi pamene ambiri asokera. Tanena kuti kakhwekhwe kapangika cifukwa cikumba cikhala pamalo ake singano ikamakwera. Koma cikumba ciluma singano mwamphamvu kuposa nsalu. Phazi la makina likapanda kupondereza kokwanira, cikumba cinyamuka pamodzi ndi singano, ulusi nawonso ukwera, ndipo shatulo ipeza palibe cokola. Zungulizani gudumu ndi dzanja, maso ali pa cikumba. Mukaciona cikudumpha, mangani pang'ono sikuluwu ya pamwamba pa phazi, muyese pa kacidutswa kotsala, mumangenso kufikira cikhazikike. Musapitirire muyezo, pakuti mano a makina adzasiya zipsera kunsi kwake.

Guluu nayenso ali ndi mlandu. Mmisiri amene ali pacangu amata zidutswa n'kusoka nthawi yomweyo guluu asanaume. Singano itentha posoka, guluu amatirira pa diso ndi m'kangalande, ndipo ulusi ukanirira ku singano osatumphuka. Mudzazindikira vutoli cifukwa makina ayamba bwino, n'kulumpha pambuyo pake. Pukutani singano ndi kansalu ka palafini, ndipo tsiku lina muyembekeze guluu aume.

Kuli kulumpha kwinanso kumene kucitika pamalo amodzi okha. Pamene misoko ikumana, phazi likwera citunda n'kupendeka, cotero siliponda pamene singano ilowa. Palani m'mphepete mwa cikumba ndi mpeni musanasoke, mumenye pamfundopo ndi nyundo, ndipo pokwera muike kacidutswa kunsi kwa phazi cakumbuyo kuti likhale lolingana. Pokhota napo samalani. Musatembenuze cikumba singano ili pansi penipeni, pakuti mupotoza kakhwekhwe shatulo isanakakole. Iyambe yakwera pang'ono ikali m'cikumba, ndipo pamenepo tembenuzani.

Zonsezi zikalephera, tengani nsalu wamba, muipinde pawiri, muisoke ndi singano yatsopano. Ngati pa nsalu makina asoka bwino, alibe cilema. Bwererani ku singano, ulusi ndi phazi. Ngati alumphabe, cotsani kambale ka pansi pa singano, muzungulize gudumu pang'ono-pang'ono. Singano ikayamba kukwera, nsonga ya shatulo iyenera kudutsa ngati milimita imodzi ndi theka pamwamba pa diso, pafupi kwambiri koma osakhudza, mpata wake wonga kucindikala kwa pepala. Kawiri-kawiri mudzapeza kuti shatulo siinasunthe konse. Cimene casuntha ndi ndodo yogwira singano, imene inaterereka n'kukwera tsiku lija singano inagunda msomali wa nsapato. Lembani cizindikiro pa ndodoyo musanamasule sikuluwu yake, kuti mukalakwitsa mudziwe pobwerera. Koma ngati nsonga ya shatulo yabuntha kapena yabenthuka, kapena ngati ifika singano itapita kale, pitani nawo kwa makanika.

Kwa inu amene muli ndi makina a m'nyumba, dziwani kuti iwo anapangidwira nsalu. Cikumba cofewa ca mbuzi asoka ndithu, makamaka mukatalikitsa msoko kufika mamilimita 3 kapena 4. Koma cikumba cocindikala ca ng'ombe, conga ca pansi pa nsapato, cikankha ndodo ya singano kucoka pamalo ake ngakhale muikonze kangati. Cimeneco boolani mabowo, mucisoke pamanja ndi ulusi wopaka phula.