Kodi demokalase ingabwere ndi asilikali achilendo?

Mkanganowu umakonda kubuka madzulo pamsika wa Malowera, wailesi ikangotha kuwerenga nkhani zakunja. Achinyamata ena amati mtsogoleri akaba mavoti nakakamira pampando, ndi bwino mayiko amphamvu atumize asilikali adzamuchotse. Akuluakulu ambiri amangopukusa mitu. Nkhaniyi idakula kwambiri chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, pomwe zionetsero zidabuka ku Maputo ndi m'mizinda ina ndipo anthu ambiri adaphedwa.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mwambi wake. Achinyamata amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Akuluakulu amayankha kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ife a kuno ku Maravia sitiyenera kudalira miyambi yokha, chifukwa asilikali achilendo tidawaonapo ndi maso athu, ndiponso tidawaona a mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi wa amene adabwera nkhondo ili mkati, aliyense atasankha kale mbali. Gulu la Renamo lidayambika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la akazitape a boma la Ian Smith ku Rhodesia. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, boma la azungu la ku South Africa ndilo lidayamba kupereka zida. Renamo inkati ikumenyera ufulu wa zipani zambiri, ndipo n'zoona kuti nthawi imeneyo chipani chololedwa chinali Frelimo yokha, komanso anthu ambiri adali ndi madandaulo enieni pa midzi imene ankawasonkhanitsamo mokakamiza ndi pa kuchotsedwa kwa mafumu. Koma kodi Smith ndi boma la tsankho, amene ankakaniza anthu akuda kuvota kwawo komweko, adali ndi demokalase yanji yoti atigawire?

Boma nalo lidaitana anzake. Asilikali a ku Zimbabwe adalowa mu 1982 kudzalondera njira ya ku Beira, kenaka adayamba kumenya nawo nkhondo. A ku Tanzania adabweranso, ndipo kuyambira mu 1987 a ku Malawi ankalondera njanji ya ku Nacala. Nkhondo itafalikira m'midzi ya m'malire ku Eastern Province, asilikali a ku Zambia nawo ankathamangitsa adani mpaka kulowa mbali ino.

Zotsatira zake sitichita kuuzidwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi nkhondo pamodzi ndi njala. Pafupifupi miliyoni ina idathawira ku Malawi. Ambiri a m'dera lino adawolokera ku Zambia, ena kwa achibale awo, ena ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke. Amene adabwerera adapeza minda itasanduka tchire, sukulu zilibe madenga, ndipo m'njira muli mabomba okwirira pansi. Mpaka mu 2015 ndi pomwe boma lidalengeza kuti malo onse odziwika kuti muli mabombawa ayeretsedwa. Mfuti zonse zija sizidapatse chipambano mbali iliyonse, zidangotalikitsa maliro.

Mtendere udabwera kudzera pa zokambirana. Zidayamba mu Julaye 1990 mumzinda wa Rome, mothandizidwa ndi gulu lachikatolika la Sant'Egidio, boma la Italy ndi Akibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Chaka chomwecho malamulo atsopano a dziko adalola zipani zambiri. Pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano.

Apa ndi pomwe padabwera mtundu wachiwiri, asilikali a bungwe la United Nations amene tinkawadziwa ndi dzina loti ONUMOZ. Adalipo oposa 6,000, ndipo amene ankalondera msewu waukulu wa kuno ku Tete adali a ku Botswana. Iwowa sadabwere kudzachotsa munthu pampando. Adaitanidwa ndi mbali zonse ziwiri, nkhondo itatha kale. Ntchito yawo idali kuyang'anira misasa kumene asilikali a boma ndi a Renamo oposa 70,000 adatula zida, ndi kuona kuti njira zili bwino kufikira tsiku lovota. Ngakhale apo zinthu zidatsala pang'ono kusokonekera, pakuti a Dhlakama adalengeza kuti atuluka m'chisankho kutangotsala maola ochepa. Amene adawabweza adali akazembe ndi atsogoleri a mayiko oyandikana nafe, mwa kukambirana. Kuvota kudachitika pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994. A Chissano adapeza mavoti 53 pa 100 aliwonse, a Dhlakama 34, ndipo posakhalitsa alendo aja adalongedza katundu nabwerera kwawo.

Achinyamata akamva izi amati imeneyo ndi nkhani yakale, ndipo amatchula za ku Gambia. Apa ali ndi mfundo, tisawanamizire. A Yahya Jammeh adagonja pachisankho cha mu Disembala 2016, adavomera, kenaka adatembenuka n'kukana. Mu Januwale 2017 asilikali a mayiko a kuzambwe kwa Africa, motsogozedwa ndi Senegal, adalowa m'dzikomo ndipo a Jammeh adathawira ku Equatorial Guinea popanda nkhondo yeniyeni. Komatu taonani bwino: anthu a ku Gambia adali atavota kale okha, wopambana, a Adama Barrow, adali wodziwika, ndipo asilikali a dzikolo sadafune kumufera mtsogoleri wogonjayo.

Kumene zinthu zotere padalibe, nkhani idakhala ina. Dziko la America ndi anzake adalowa ku Iraq mu 2003 ponena kuti kuli zida zoopsa, zimene sizidapezeke, ndiponso polonjeza demokalase. Saddam Hussein adagwa m'masabata ochepa, zisankho zidachitika mu 2005, koma anthu miyandamiyanda adafa ndipo mu 2014 mzinda wa Mosul udagwa m'manja mwa zigawenga. Ku Afghanistan asilikali achilendo adakhala zaka 20, ndipo pamene ankachoka mu Ogasiti 2021 a Taliban omwe adawachotsa aja adali atabwerera kale ku Kabul. Ngakhale kufupi kuno, asilikali a South Africa ndi Botswana atalowa ku Lesotho mu Seputembala 1998 kukateteza boma losankhidwa, masitolo ambiri a mumzinda wa Maseru adabedwa ndi kutenthedwa.

Pali funso limodzi limene achinyamata a pamsika paja sakonda kuliyankha: asilikali amene akuwafunawo akabwera, adzadzera njira iti? Nkhondo simenyedwera ku nyumba ya pulezidenti kokha. Imadutsa m'malire, m'minda ndi m'makola a mbuzi, ndipo msilikali wosadziwa chinenero chathu satha kusiyanitsa mlimi ndi mdani. Koma nawo akuluakulu ali ndi funso lawo lowavuta. Ngati kuvota sikusintha kanthu ndipo wotuluka kukadandaula pamsewu akuwomberedwa, mwana wobadwa mu 2000, amene sadagonepo m'tchire kuthawa nkhondo, amuuza kuti adikire chiyani? Pamsika wa Malowera yankho la funso limeneli silidamvekebe, ndipo chisankho china chachikulu chikuyembekezeka mu 2029.