Kodi mbuzi yathu adzaijambula ndani?

Mukafika ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay m'boma la Mangochi, simungalephere kuona anyamata atayala zithunzi zawo zapenti kudikira alendo odzaona nyanja. Pazinsaluzo pamakhala nkhwazi itambwandira nsomba, mvuu, njovu, mlambe ndi msodzi ali m'bwato dzuwa likulowa.

Luso lilipo ndithu. Koma tayang'anitsitsani. Ili kuti mbuzi imene idagulitsidwa kuti mwana apeze fizi? Nanga thadzi lija agogo amaliitana ndi madeya m'mawa uliwonse? Nanga mnyamata wobusa ng'ombe kudambo, galu wake ali pambuyo?

Chifukwa chake n'chodziwika. Wogula ndi mlendo, ndipo mlendo amafuna zimene kwawo kulibe. Ngakhale Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania, amene adayamba kujambula ndi penti ya njinga ku Dar es Salaam mu 1968, adatchuka ndi nyama zakutchire, ndipo ogula ake ambiri adali azungu. Wojambula naye ali ndi mimba, sangajambule chosagulika.

Komatu padziko pano padakhalapo mayi wina amene adalemera ndi kulemekezeka chifukwa chojambula ziweto. Dzina lake ndi Rosa Bonheur. Adabadwa mu 1822 mumzinda wa Bordeaux ku France ndipo ntchitoyi adaiphunzira kwa bambo ake, Raymond, amenenso adali wojambula.

Mayiyu sadali wojambula za m'mutu. Pofuna kudziwa mmene fupa ndi mnofu wa ng'ombe zidakhalira, ankapita kumalo ophera nyama mumzinda wa Paris, komwe amayi sankapondako wamba. Atafuna kujambula akavalo, adatha chaka ndi theka akupita kumsika wa akavalo kawiri pasabata. Kuti asamachitidwe chipongwe kumeneko ankavala buluku, ndipo masiku amenewo mkazi wa ku Paris ankayenera kutenga chilolezo kupolisi kuti avale motero. Iye adakatenga.

Chithunzi chimene chidamutchukitsa adachimaliza mu 1849, ataitanitsa ndi boma la France. N'chotalika mamita oposa awiri ndi theka ndipo chimasungidwa ku Musée d'Orsay ku Paris. Chikuonetsa ng'ombe 12 zili pagoli, zisanu ndi imodzi kutsogolo, zina kumbuyo, zikukoka mapulawo m'dera la Nivernais.

Chopatsa chidwi n'chakuti eni nkhani pachithunzipo ndi ng'ombezo. Alimi akuoneka ang'onoang'ono, akuyenda m'mbali mwa ziweto zawo. Dothi lagalauzika, ng'ombe zikutuluka dovu kukamwa chifukwa cha kutopa. Amene adagwirapo pulawo kapena kuyendetsa ngolo safunika kumufotokozera. Munthu ndi ng'ombe akukhetsa thukuta limodzi, ndipo chaka chikavuta, njala idzawapeza onse.

Chithunzi cha msika wa akavalo chija, chotalika mamita asanu, chidaonetsedwa koyamba mu 1853 ndipo kuyambira 1887 chili ku Metropolitan Museum ku New York. Ndalama zimene adapeza adagulira nyumba yaikulu pamudzi wa By, pafupi ndi nkhalango ya Fontainebleau, komwe ankaweta nkhosa, akavalo, agalu ngakhalenso mikango. Mu 1865 adakhala mkazi woyamba waluso lojambula kulandira mendulo yaulemu ya dziko lake, Légion d'honneur. Adamwalira mu 1899.

Wina angafunse kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Namwera, Malindi, Makanjira kapena kwa Nankumba. Zikutikhudza chifukwa ubale umene mayiyu ankajambula uli pakhomo pathu pomwe.

Kuno chiweto ndi banki. Mwana akadwala usiku, kukacha tambala amakwera njinga kupita kumsika. Nthawi ya Idi ya nsembe ikayandikira, mabanja achisilamu amasaka mbuzi yonenepa yopanda chilema, ndipo amene adaisamala chaka chonse amamwetulira. Mlendo wolemekezeka akabwera, nkhuku ndiyo imatichotsa manyazi.

Koma ubalewu suthera pandalama. Funsani mayi amene chitopa chidamusesera khola lonse sabata imodzi. Funsani bambo amene adadzuka n'kupeza khola la mbuzi lili pululu, akuba atadutsa. Chimawawa si mtengo wokha ayi. Ndi chiweto chimene unkachidziwa mtundu, mayendedwe ndi kulira kwake.

Chithunzi chabwino chimaphunzitsa munthu kuona chimene amachidutsa tsiku ndi tsiku. Mwana amene waona galu atajambulidwa mwaulemu amayamba waganiza asanamugende. Bambo ake nawonso angakumbuke kupita naye kukabayitsa katemera wa chiwewe, matenda amene zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sapulumuka kawirikawiri. Ng'ombe yapangolo imene yaoneka pachithunzi ngati mnzathu wapantchito, chikwapu chimachepako pamsana pake.

Sikuti luso la zakwathu lilibe msika. Ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher ochokera ku Canada adakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo osema ndi ojambula a kumeneko adadziwika kutali chifukwa choonetsa moyo wa Achewa, Ayao ndi Angoni monga ulili.

Kotero mpira uli kwa tonse. Ojambula athu ayese kuika pachinsalu agogo ndi nkhuku zawo. Nafenso eni magolosale, malo ogona alendo ndi nyumba zamalata tiphunzire kugula chithunzi chamnzathu m'malo mopachika kalendala yachaka chatha. Ndipo mwana wanu akamajambula mbuzi ndi khala pakhoma la khitchini, musafulumire kuthyola mkwapulo. Mugulireni kope ndi pensulo.

Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njovu ili ku Liwonde, koma mbuzi ili kuseri kwa nyumba, ikudikira woijambula.