Kuchepetsa Zaka pa Mpira wa Ana

Amayi ndi abambo, tonse timaukonda mpira. Ku Fingoé ndi m'midzi ya boma lathu la Marávia, anyamata amauseŵera madzulo akaŵeruka kumunda kapena kusukulu. Koma pali khalidwe lina limene limaononga maseŵeraŵa. Munthu wamkulu amachepetsa zaka zake kuti aseŵere m'gulu la ana.

Mipikisano ya achinyamata imagaŵidwa potsata zaka. Pali wa anyamata osapitirira zaka 17, palinso wa osapitirira zaka 20. Anagaŵa chotero chifukwa mafupa a mwana wa zaka 15 akali anthete. Mukamulimbanitsa ndi bambo wa zaka 22 wometa ndevu, mwanayo adzagonja, mwinanso kuthyoka mwendo. Timu yachinyengo itenga chikho, anthu avina. Nanga mwana weniweni amene malo ake atengedwa? Iye aonerera ali kunja kwa bwalo. Ena amakhumudwa nausiyiratu mpira.

Nkhaniyi si ya kutali. M'chaka cha 2016, bungwe la mpira la maiko a kumwera kwa Africa, la COSAFA, linachititsa mpikisano wa zaka 17 ku Mauritius. Anansi athu a ku Zambia anachotsedwa chifukwa anyamata awo aŵiri anapezeka kuti ndi akulu. Mu 2020 mpikisano womwewo unachitikira ku South Africa. Matimu anayi anabwezedwa kwawo: Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe. Anatsala ndi Malaŵi, Zambia, Angola ndi eni bwalo, ndipo mpikisano unayambidwanso.

Kodi amawagwira bwanji, popeza mapepala amatha kunama? Amafunsa fupa. Kuyambira mu 2009, bungwe la FIFA limajambula mkono wa mnyamata ndi makina a kuchipatala otchedwa MRI. Amayang'ana pamfundo ya dzanja. Kunsonga kwa fupa la mwana kuli kampata kofeŵa kamene fupalo limakulirapo. Munthu akakhwima, kampatako kamatsekeka. Madokotala akaona kuti katsekeka konse, amati mnyamatayo wapitirira zaka 17. Makinawo sanena tsiku lobadwa ayi. Ndiponso ana sakula mofanana, monga chimanga cha phando limodzi sichitalika mofanana. Choncho mwana wosanama angathe kubwezedwa chifukwa anakhwima msanga.

Ndinene mosabisa: mlandu waukulu si wa mnyamata yekha. Pepala labodza salemba yekha. Alipo akulu, aphunzitsi a timu kapena abale, amene amamuuza kuti, "Chotsapo zaka zitatu, upeze mwayi."

Koma kuno kwathu palinso vuto lina. Si onse olakwitsa zaka amene ali abodza. Ambiri mwa ife sitinalembedwe pobadwa. Pa nthaŵi ya nkhondo imene inatha mu 1992, mabanja anathaŵira ku Zambia ndi ku Malaŵi, mapepala anapsa kapena kutayika. Mukafunsa gogo kuti mwana wawo anabadwa liti, amati, "Muja ankamanga damu la Cahora Bassa." Koma damulo linamangidwa zaka zingapo, kuyambira 1969 mpaka 1974. Chaka chake ndi chiti pamenepo? Mwana akalembedwa atakula kale, mlembi amangomuyang'ana msinkhu nayerekeza. Pamene pali kuyerekeza, wachinyengo amapezapo poloŵera.

Mwana akabadwa, musadikire kuti ayambe sukulu. Pitani naye msanga ku ofesi ya Registo Civil, mutatenga khadi lake la kusikelo. Kumeneko adzalemba dzina lake, maina a makolo ndi tsiku limene anabadwa. Kale tinkangodinda chala osadziŵa zimene zalembedwa. Tsopano ŵerengani nokha musanachoke, muone ngati chaka ndi cholondola. Pepalalo mulisunge pouma, kumene chiswe sichifika.

Maŵa pobwera ku phunziro, aliyense alembe m'kope mwake dzina la mwana mmodzi, tsiku, mwezi ndi chaka chimene anabadwa. Amene ali ndi khadi la kusikelo abwere nalo, tidzaŵerengere pamodzi.