Mwana akamatsimphina, musangoti wagwa kosewera

Makolo anzanga, mwana akayamba kutsimphina ambiri timathamangira kumuthowa ndi madzi otentha, ena mpaka kukamutemetsa mphini. Komatu pali matenda angapo a m'chiuno, pamene fupa la ntchafu limalumikizira, omwe amayamba mofanana koma chithandizo chake n'chosiyana. Achipatala amawasiyanitsa poona msinkhu wa mwana, kutentha kwa thupi komanso nthawi yomwe vutolo latenga.

Choopsa kwambiri ndi mafinya m'malo olumikizira mafupawo. Mwana amatentha thupi, amakana kuponda pansi ndipo amalira mukangogwedeza mwendowo. Apa musadikire kuti kuche. Mafinya amatha kuwononga fupa m'masiku ochepa, ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni ndi mankhwala opha tizilombo.

Pali vuto lina lofanana nalo lomwe limabwera mwana wa zaka 3 mpaka 10 akangochira chimfine. Iye amatsimphina koma amadya ndi kusewera, ndipo amachira pasanathe milungu iwiri. Koma kusiyanitsa awiriwa si ntchito ya pakhomo ayi. Kumafunika kuyeza magazi ndi kujambula.

Kutsimphina kukapitirira kwa miyezi mwa mwana wa zaka 4 mpaka 8, makamaka wamwamuna, adokotala amaganizira matenda a Perthes, omwe adadziwika mu 1910. Magazi safika mokwanira kumutu wa fupa la ntchafu, ndiye fupalo limafewa n'kuphwanyika pang'onopang'ono. Sickle cell imawononganso fupali mwanjira yomweyi, pomwe TB ya m'mafupa imabwera ndi kuonda komanso thukuta la usiku.

Kwa mwana wa zaka 10 mpaka 16, makamaka wonenepa, mutu wa fupawu umatha kutsetsereka pamalo pake, phazi n'kumayang'ana kunja. Ameneyu asayendenso ndi mwendowo mpaka adokotala amuone, chifukwa amafunika opaleshoni.

Dziwaninso kuti vuto la m'chiuno limatha kumveka pabondo. Mwana akamadandaula bondo koma bondolo losatupa, pemphani kuti amuyezenso m'chiuno.

Popita kuchipatala konzekerani mayankho awa: adayamba liti, adatenthapo thupi, adagwa kapena ayi, nanga pabanja alipo wa sickle cell kapena TB? Yambirani kuchipatala chapafupi. Kukafunika, adzakutumizani kwa akatswiri a mafupa monga a ku Beit CURE ku Blantyre.

Kuchedwa kwa lero kungasiye mwana wolumala moyo wake wonse.