Kodi mumadziwa? Korali wofewa akafa m'thanki ku Cape Town

Kodi mumadziwa kuti korali si mwala ndipo si chomera? Ndi nyama. Chimene mumachiona chikuvina ndi madzi m'thanki ya galasi ndi gulu la tinyama tambirimbiri tolumikizana thupi. Kanyama kalikonse ka korali wofewa kali ndi timanja 8 tozungulira kamwa lake, ndipo thupi lonse limachirikizidwa ndi timinga ting'onoting'ono ta laimu tobisika m'mnofu. Korali wolimba akafa amasiya chigoba choyera. Wofewa amangosungunuka, pakapita masiku ochepa pamwala n'kutsala banga. N'chifukwa chake mwini thanki amangogwira pakamwa, amvekere wafa popanda chifukwa. Chifukwacho chimakhalapo ndithu, kungoti mtembo woti n'kuuunika palibe.

Kodi mumadziwa kuti makorali amene anthu amaweta m'nyumba za ku Cape Town sangakhale ndi moyo m'nyanja imene ili pakhomo pawo? Amafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 26. Koma ku Clifton ndi ku Camps Bay madzi nthawi zambiri safika madigiri 15, chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanja otchedwa Benguela, ndipo amazizira kwambiri m'chilimwe pamene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa yakankha madzi apamwamba n'kutulutsa apansi. Matanthwe enieni a korali m'dziko la South Africa ali kutali, ku Sodwana Bay kumpoto kwa KwaZulu-Natal, kufupi ndi malire a Mozambique, m'dera la iSimangaliso limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wake mu 1999. Kumeneko makorali ofewa ndi ochuluka zedi. Choncho korali wa m'nyumba ku Cape Town moyo wake wonse uli pa hita, pampu ndi nyali.

Si kuti Cape Town ilibe ake. M'madzi a False Bay muli korali wofewa wofiirira wotchedwa Alcyonium fauri ndi ena ofiira otambasuka nthambi, koma ndi a madzi ozizira, ndipo m'thanki yofunda amafa. Nyanja yozungulira chigawochi yakhala yotetezedwa kuyambira 2004 pansi pa Table Mountain National Park, moti kuzula kanthu popanda chilolezo ndi mlandu. Wofuna kuona zamoyo za m'madzi amenewa apite ku Two Oceans Aquarium ku V&A Waterfront, imene inatsegulidwa mu 1995.

Nanga mumadziwa kuti magetsi akazima, chimene chimayamba kupha korali si mdima koma kuima kwa madzi? Korali sayenda. Amadalira madzi oyenda kuti am'bweretsere okosijeni ndi kum'chotsera mamina ndi zonyansa pathupi. Pampu ikaima, kamadzi kamene kam'zungulira kamatha mpweya msanga, makamaka usiku pamene nsomba, mabakiteriya ndi koraliyo onse akupuma ndipo palibe chimene chikubwezera. M'chaka cha 2023 magetsi ku South Africa ankazima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina kangapo patsiku. Khonsolo ya mzinda wa Cape Town inkapeputsako vutoli kwa makasitomala ake pogwiritsa ntchito magetsi a padamu la Steenbras, koma sinalithetse. Ganizirani usiku wa mu July, hita itazima maola anayi, kenako n'kuyaka, mawa lake chimodzimodzi. Pali pampu zina zimene zimakana kudzuka magetsi akabwera, ndi mahita amene amakanirira osazima mpaka madzi kutentha. Chopweteka n'chakuti korali saonetsa pomwepo. Amafooka pang'onopang'ono, n'kudzagwa patapita milungu, eni ake ataiwala kale za usiku uja. Ine ndimaona kuti kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kofunika kugula munthu asanagule n'komwe korali woyamba.

Kodi mumadziwa kuti m'thupi la makorali ambiri a madzi ofunda mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimawapangira chakudya kuchokera ku kuwala? Madzi akatentha mopitirira, kapena mukaika nyali yatsopano yowala kwambiri mwadzidzidzi, korali amalavula nderezo n'kuyamba kutuwa. Akatero ndiye kuti njala yayamba.

Kodi mumadziwa kuti makorali amamenyana ndi poizoni? Pathanthwe malo ndi ochepa, ndiye makorali ofewa, makamaka a mitundu ya Sarcophyton, Sinularia ndi Lobophytum, amatulutsa mankhwala olepheretsa anzawo kukula. M'nyanja mankhwalawo amamwazika. M'thanki ya malita 200 alibe kolowera. Zida zoyezera madzi zimene anthu amagula m'sitolo sizimawaona, ndiye munthu amayeza zonse, zonse n'kutuluka bwino, korali akufotabe. Odziwa amaika makala osefera madzi n'kumawasintha pafupipafupi. Ndipo mmodzi akayamba kuola, amadula mbali yoolayo kapena kum'chotsa yense tsiku lomwelo, chifukwa chivundi chake chimatha kugwetsa ena.

Koma musafulumire kutaya. Sarcophyton, uja wooneka ngati bowa, amatha kubisa timanja take tonse kwa masiku angapo, mwina kupitirira mlungu, thupi n'kuchita phuliphuli ngati lapakidwa phula. Sakufa ameneyo, akufundula. Kakhungu kaja kakachoka amatsegukanso ali bwinobwino. Wakufa amadziwika ndi fungo loipa ndi mnofu wonyenyeka ukaukhudza.

Xenia ndiye wosiyana. Timanja take timatseka ndi kutseguka tokha usana ndi usiku, ndipo mu 2013 akatswiri a ku Israel anaonetsa kuti kuphethira kumeneku kumathandiza ndere zake kupanga chakudya chambiri. Amaswana mofulumira mpaka kudzaza thanki, koma amadziwikanso ndi kusungunuka yense m'masiku ochepa madzi akangosintha pang'ono.

Kodi mumadziwa kuti mchere suuluka? M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli mchere wokwana pafupifupi magalamu 35. Madzi a m'thanki akamaphwa ndi kutentha, mcherewo umatsala, ndiye powonjezera pamafunika madzi opanda mchere, osefedwa bwino. Wothiramo amchere poganiza kuti akuthandiza amakweza mchere tsiku ndi tsiku. Makina osefera madziwo nawo amataya malita angapo pa lita iliyonse yoyera, nkhani imene inali yolemera mu February 2018, pamene chilala chinachititsa kuti munthu aliyense ku Cape Town aloledwe malita 50 okha patsiku.

Kopa ndi mdani wina. Mlingo umene umachiza nsomba ku tizilombo ta pakhungu umapha korali, nkhono ndi nkhanu. Amalowa kudzera m'mankhwala a nsomba, mumpopi wa bulasi, ngakhale ndalama yachitsulo imene mwana waponyamo. Maginito ochita dzimbiri m'kati mwa pampu amawononganso mwakachetechete.

Apa pali mawu kwa abale athu ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Cape Town. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, zonunkhiritsa m'nyumba, polishi ndi sopo wopukutira magalasi zisayandikire thanki, ndipo dzanja lodzola mafuta lisalowe m'madzi. Funsani abwana kuti pulagi iti isazulidwe. Komanso ndinene mosabisa kwa eni nyumba: kuloza chala wantchito musanayang'ane hita, pampu, mchere ndi makala n'kum'lakwira munthu. Pa zifukwa zonse zili pamwambazi, zambiri zimachokera m'zipangizo ndi m'zosankha za mwini thanki, ndipo zina zinayamba kale wantchitoyo asanagwire n'komwe nsanza.

Kodi mumadziwa kuti korali wa m'thanki akatayidwa m'nyanja yofunda amatha kusanduka mliri? Ku Venezuela, Unomia stolonifera, m'bale wake wa Xenia wochokera kunyanja za Indo-Pacific, wakuta matanthwe a ku Mochima National Park n'kupha makorali a komweko.

Ndipo kodi mumadziwa kuti zina zimene zimagulitsidwa pamodzi ndi makorali ofewa zikhoza kupha munthu? Palythoa, tinyama tooneka ngati timabatani tomera pamwala, nthawi zina timakhala ndi palytoxin, imodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri odziwika m'chilengedwe, imene akatswiri anaipatula koyamba ku Hawaii mu 1971. Mu 2018 ku Oxfordshire, m'dziko la England, anthu 10, kuphatikizapo ozimitsa moto, anathamangira nawo kuchipatala mwala wa m'thanki utatsukidwa m'nyumba. Korali akafa, anthu ambiri amaganiza zokwecha mwala kapena kuuthira madzi otentha, ndipo m'pamene poizoniyo amalowa mumpweya. Mwala wa m'thanki ya madzi amchere osauwiritsa, osaukwecha pouma, ndipo pougwira valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Mukamva kuwawa kwachitsulo m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa kapena kubanika mutagwira ntchito imeneyi, tsegulani mawindo, tulutsani ana ndi ziweto, pitani kuchipatala ndipo mukauze dokotala kuti munagwira korali.