Mmene Fupa Limakulira M'thupi la Mwana

Khanda limabadwa ndi mafupa ambiri ofewa ndi osalumikizana, koma munthu wamkulu ali ndi mafupa 206 olimba. Kodi ntchito yomanga imeneyi imayenda bwanji?

M'fupa muli maselo otchedwa osteoblast, omwe ndi amisiri omanga. Iwo amayala ulusi wa collagen monga mmene mmisiri amaimikira mitengo ya nyumba, kenako n'kumata ndi kashiamu ndi fosifeti. Komatu mmisiri sayamba ntchito asanaitanidwe. Selo limayamba lalandira uthenga kuchokera kunja kwake, uthengawo n'kufika pakati pa selo pomwe pali majini, ndipo jini yoyenera imatseguka.

Umodzi mwa mauthengawa ndi mapuloteni otchedwa BMP. Mu 1965, dokotala wa ku America, Marshall Urist, anaika zidutswa za fupa lochotsedwa kashiamu m'minofu ya akalulu, ndipo pamalopo panamera fupa latsopano. Uthenga woitana amisiri unali wobisika m'fupamo.

Jini yomwe imatsogolera ntchitoyi ndi Runx2. Mu 1997, akatswiri anabereketsa mbewa zopanda jini imeneyi. Zinabadwa ndi chicherewecherewe chokhachokha, popanda fupa lolimba, ndipo zinafa zitangobadwa. Mwa anthu, jiniyi ikagwira ntchito mwatheka, mwana amachedwa kutseka liwombo ndipo mafupa olumikiza chifuwa ndi mapewa amakhala aafupi, mwinanso osakhalapo.

Palinso uthenga woletsa. Amisiri ena amakwiririka m'fupa lomwe amanga ndi kusanduka alonda otchedwa osteocyte. Alondawa amatulutsa sclerostin, yomwe imaimitsa kumanga. Fupa likamasenza thupi poyenda ndi pothamanga, sclerostin imachepa ndipo ntchito imapitirira. Munthu akagona nthawi yaitali osadzuka, imachuluka ndipo mafupa amafooka.

Nanga msinkhu? Chakumapeto kwa mafupa aatali kuli kachigawo ka chicherewecherewe komwe kamakula polamulidwa ndi mahomoni ochokera kunsi kwa ubongo, ndipo amisiri amatsatira pambuyo kuikapo fupa. Mwana akatha msinkhu, patapita zaka zochepa kachigawoka kamatsekeka, ndipo kutalika kumathera pomwepo.

Apa ndi pomwe pagona udindo wa makolo. Majini sitingawasinthe, koma zipangizo za amisiri zili m'manja mwathu. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe, mkaka ndi masamba obiriwira zimapereka kashiamu. Dzuwa likawomba khungu, thupi limapanga vitamini D yemwe amathandiza kashiamuyo kulowa m'magazi. Vitamini ameneyu akasowa, mafupa a mwana amafewa ndipo miyendo imapindika.

Choncho tiwadyetse bwino ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo tiwalole kusewera panja. Nyengo yotalikitsa fupa ndi ya ubwana, ndipo ikadutsa sibwereranso.